Mipesa Yomangidwa ndi Dzanja Lamanzere

Winnipeg, Canada
9 Malichi 1974

Okondedwa achimwene Alwin,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Dornich, inuyo, amayi, ndi alamu anga a Roswitha. Ife kuno tili bwino, kungoti chisanu cha dziko lino sichimva kuti Malichi wafika. Mwamuna wanga Eckhard akupitabe ku ntchito yake ya kufakitale, ndipo akupereka moni.

Achimwene, sindizungulira. Amayi ali bwanji kwenikweni? Chichokereni ine kumudziko, mwezi sunkatha ndisanalandire kalata yawo, ngakhale ya mizere inayi yongondidzudzula kuti ndawonda pa chithunzi. Koma kuyambira Okutobala, zii. Pa Khirisimasi ndinalandira khadi lokongola ndithu, koma dzina la amayi pansi pake analemba ndi akazi anu. Musakane. Zilembo za a Roswitha zimaima chilili, pamene za amayi zimagonera kumbuyo poti iwo ndi amanzere. Ngati akudwala, ndiuzeni. Ndine mwana wawo, ndipo kukhala kutali sikunandichotse m'banjamo.

Nthawi yomanga mipesa yayandikira, ndipo mtima wanga uli kumeneko. Ndikamamufotokozera Eckhard kuti kwathu mpesa uliwonse uli ndi mzati wake, ndipo timapinda nthambi ziwiri uku ndi uku n'kuzimanga ndi kanthambi ka msondodzi mpaka zioneke ngati mtima, iye amangoti "eya, eya" maso ali pa nyuzipepala. Munthu wa kumpoto, vinyo amangomudziwira m'botolo.

Munda wapamwamba uja, wa pansi pa mtanda, amayi salola munthu wina kuumanga. Chaka chino akwanitsa kukwerako? Ndipo mukukumbukira zimene ananena pa maliro a bambo, kuti nyumba ndi minda ya m'munsi ndi zanu, koma wapamwambawo udzakhala wanga. Sindikunena kanthu, ndikungokumbutsa.

Munditumizire chithunzi cha amayi ali m'mundamo. Yankhani msanga.

Ndine mlongo wanu,
Irmtraud


Dornich
21 Epulo 1974

Mlongo wanga Irmtraud,

Kalata yako tinalandira. Tili bwino. Ndachedwa kuyankha chifukwa mvula ya mwezi wathawu inakokolola dothi ndi miyala mpaka kumsewu wa m'mbali mwa mtsinje wa Mosel, ndiye ndakhala ndikuzisenza kumsana kubwezera kuphiri. Iwe unaiwala kuti munda wa kuno umatsika wokha, koma kukwera n'kochita kuunyamula.

Amayi ali bwino. Akudya, akugona. Maso ndiwo atopa, cholembera sakuchifuna.

Munda wako palibe waumeza. Wamangidwa wonse, ona chithunzicho. Amayi anakana kujambulidwa, akuti tsitsi silinali bwino.

Ndili ndi pempho. Ngati ungathe, tumiza chikhoti cha ubweya cha kwanuko, chofiira kwambiri, choti munthu akavala azionekera patali. Ndi cha amayi.

Usaimbe foni kwa a Lambert ku bala. Foni ya m'mudzi muno ndi yomweyo, ndipo ikalira aliyense amasiya tambula kuti amve.

Roswitha akupereka moni.

Alwin


Dornich
12 Meyi 1974

Mwana wanga Irmtraud,

Landira moni wa azakhali ako amene unawataya ngati nsapato yakutha, mlongo wa malemu bambo ako. Ine ndilipo, mawondo okhawa ndiwo akufuna kupita kumanda ine ndisanakonzeke. Kaya iwe ndi mwamuna wako wosalankhula uja?

Ine si munthu wa miseche, iwenso ukudziwa. Koma munda wanga ndi wa mayi ako ndi yogundizana, agogo ako anachita kuudula pakati ngati buledi, ndiye maso anga ndiwaike kuti? Pasaka isanafike ndinalawira kuphiri, ndipo ndinapeza Roswitha ali m'munda wa mayi ako, mtolo wa msondodzi m'chiuno. Akumanga, mwana wanga. Ndipo akumanga ndi dzanja lamanzere! Mkazi amene amadula buledi ndi lamanja, amasenda mbatata ndi lamanja. Ankapota pang'onopang'ono, lilime panja ngati mwana amene akuphunzira kulemba.

Ndinati, "Iwe Roswitha, dzanja lamanja lanyanyala ntchito?"

Anadzidzimuka mpaka msondodzi kumupulumuka. Akuti, "Ndinalipweteka, azakhali."

"Nanga Apollonia, apongozi ako, ali kuti?"

"Amanga kale mbali yawo, akupuma."

Masana ake ndinamuona akukwecha masitepe a pakhomo ndi dzanja lopwetekalo, likugwira ntchito bwinobwino.

Sizinathere pamenepo. Mayi ako sanaponde m'tchalitchi chiyambire Lachitatu la Phulusa. Apollonia, munthu amene anapita ku Misa pa bwato chaka chija mtsinje unalowa m'mudzi! Ndiye ndinaphika keke ya maapozi, ndinapita kukamuona. Mchimwene wako anaima pakhomo, mapewa kudzaza chitseko chonse.

"Akugona, azakhali."

"Dzuwa lili pamutu? Apollonia kugona? Tapatuka, mnyamata iwe, matewera ako ndinachapapo ine."

"Akugona," anatero, basi. Keke anatenga, chitseko anatseka, mbale yanga mpaka lero sanabweze.

Ndipo tamva iyi. Mkazi wa kusitolo ya zitsulo wandiuza kuti Alwin anagula mpiringidzo wachitsulo. Bambo amene amasesa m'machumuni analowa m'nyumbamo sabata yatha, ndipo wauona ndi maso ake. Auika pa chitseko cha chipinda cha mayi ako, kunja. Kunja, Irmtraud! Ine ndakalamba chonchi, mpiringidzo wa kunja ndinauona pa khola la mbuzi pokha.

Ine sindikuweruza munthu. Koma mkazi ameneyu anachokera kutsidya kwa mtsinje wopanda ngakhale mzere umodzi wa mipesa, ndipo munda wa pansi pa mtanda ndi umene umapsa bwino kuposa yonse paphiri lino. Uganize wekha.

Ukamatumiza katundu, usaiwale azakhali ako, masokosi aja anandikwana bwino. Kalatayi uiwotche.

Azakhali ako,
Ottilie


Winnipeg
2 Juni 1974

Achimwene,

Moni ndikupereka chifukwa ndinaleredwa bwino. Ndikufuna kudziwa mmene amayi alili, ndipo ulendo uno ndikufuna zoona.

Chithunzi chanu ndachiyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu. Mfundo zikupotera kumanzere, inde. Koma ine ndinakulira kumbuyo kwa amayi m'mundamo, ndikuwanyamulira msondodzi. Iwo akamaliza kupota amapinda kamchira n'kukalowetsa kunsi kwa mfundo, osaonekanso. Apa timichira tonse tili panja. Anamanga si amayi. Anamanga ndi munthu amene akufuna kuti odutsa aziti ndi amayi. Mwandinamiza, achimwene, ndipo zandipweteka kwambiri, chifukwa inu simunandinamizepo chibadwire.

Ndagona nazo, ndadzuka nazo. Munthu angavutikirenji kuphunzira dzanja la apongozi ake mobisa? Amayi mwawatani? Ndamvanso za mpiringidzo, musafunse kuti kwa ndani. Kodi mwawatsekera kuti asalankhule ndi anthu? Kapena mwawagwira kale dzanja kuti asaine munda uja?

Chikhoti chofiira sinditumiza. Amayi avala zakuda chimwalirireni bambo, ndipo adzavala zakuda mpaka m'bokosi. Ngati akazi anu akufuna chotchena pa chikondwerero cha vinyo, apemphe ndi pakamwa pawo, asabisale kumbuyo kwa nkhalamba.

Ndikufuna dzanja la amayi. Ngakhale mzere umodzi. Ngati maso atopa, alembe zilembo zazikulu, ndiwerenga.

Irmtraud


Dornich
18 Ogasiti 1974

Irmtraud,

Tili moyo. Sindinayankhe msanga dala. Ndikanayankha tsiku limene kalata yako inafika, bwenzi ubale utathera pomwepo.

Amene akukuuza za zitseko za m'nyumba mwanga ndikuwadziwa. Uwauze abwere adzatenge mbale yawo.

Roswitha anawerenga kalata yako. Anaipinda, anasenza mpope, anakwera kukapopera mankhwala m'munda wako womwewo.

Wafuna dzanja la amayi. Lili pa kapepala kameneka. Ndinawawerengera kalata yako, ndinawapatsa cholembera. Zimene alembazo ndi zawo, ine sindinawauze liwu ngakhale limodzi. Ndinafuna kukang'amba, koma ukanati ndabisanso.

Alwin

Mayi inu, mwana wanga wamkazi ali pompano ndipo akundisamala bwino. Munda ndi wake. Musativutitse. Apollonia.


Dornich
13 Okutobala 1974

Mwana wanga Irmtraud,

Moni kwa iwe ndi mwamuna wako. Kalata yako ya misozi ndinalandira, ndipo inenso ndinalira. Mayi kutcha mwana wobala yekha "mayi inu", n'kutcha mpongozi mwana! Amudyetsa chiyani Apollonia? Koma pukuta maso, chifukwa Mulungu wayamba kuvundukula.

Minda anaitseka monga mwa chaka chilichonse mphesa zikayamba kupsa. Zikwangwani panjira zonse zokwera kuphiri, wolowa palibe, ngakhale mwini munda, mpaka belu lidzalire tsiku lothyola. Lamulo limeneli ngakhale mwana woyamwa amalidziwa. Mlonda chaka chino ndi Kunibert yemwe uja, ndi lipenga lake lothamangitsira mbalame.

Lachinayi m'mawa kunali nkhungu yoti sungaone dzanja lako. Kunibert akuti anamva timiyala tikugumuka pansi pa mtanda. Anakwera mwakachetechete. Ndipo amene anatulukira kuseri kwa kanyumba ka miyala kosungiramo makasu kaja, dengu lodzaza mphesa m'manja, ukuganiza ndani? Roswitha! Mphesa za m'munda wako, ndiponso za m'mizere iwiri ya m'munda wanga. Zanga, Irmtraud! Zosapsa n'komwe, zochita kuzomola pamodzi ndi masamba ngati yadutsapo nguluwe.

Kunibert anafotokoza zonse ku bala, ndipo a Lambert anauza mkazi wawo, mkazi wawo anauza ine.

Akuti anafunsa, "Mayi Roswitha, n'chiyani ichi?"

"Mukuona nokha, a Kunibert."

"Wakutumani ndani? Muli ndi ndani kuno?"

"Ndili ndekha. Ndaba ndekha. Tiyeni titsike."

Ndipo akuti ankachita kumukoka mkono wa jekete kuti atsike msanga. Unamuonapo wakuba wofulumizitsa mlonda? Manyazi anamuthera mkazi ameneyu.

Dzina lake alikhoma pakhoma la ofesi ya mudzi, pamene aliyense wopita kukagula buledi amadutsa. Lero ku Misa benchi lonse linali lake, ngakhale mlongo wake wa kutsidya anakhala kumbuyo. Azimayi amene amawathandiza kuthyola chaka ndi chaka akana, akuti sangagwire dengu limodzi ndi mbala. Alwin akuyenda mutu uli pansi, koma mkazi wake sanamuthamangitse. Ine ndinamupeza pa chitsime cha pabwalo, ndinati, "Zinakoma mphesa zanga?" Anangoti, "Pepani, azakhali." Maso ouma gwa.

Ngati akuba masana zimene zili pa mtengo, nanga za m'nyumba yotseka? Mayi ako sitinamuonebe. Bwera, mwana wanga, usanadzabwerere maliro. Bedi lilipo kwanga kuno.

Azakhali ako,
Ottilie


Winnipeg
24 Okutobala 1974

A Roswitha,

Sindinakulembereni kalata chikwatiwireni inu m'banja mwathu, ndipo iyi mwina ndi yoyamba ndi yomaliza. Za umoyo wanu sindifunsa, ndamva kuti muli ndi mphamvu zokwera phiri m'nkhungu.

Munaba dzanja la amayi, mwaba malo anga mumtima mwawo, tsopano mwayamba kuba ndi mphesa zomwe. Dzina la bambo anga lakhomedwa pakhoma chifukwa cha inu.

Ndikubwera pakati pa Novembala. Ndidzafikira kwa azakhali, chifukwa m'nyumba ya mipiringidzo sindingagone. Chitseko chimenecho ndidzatsegula ndekha, ndipo ndidzatsegula pali anthu, kuti pasadzakhale wonena kuti Irmtraud wapeka nkhani. Amayi ndidzawatenga.

Irmtraud


Dornich
5 Novembala 1974

Alamu anga,

Moni. Kalata yanu yafika dzulo. Alwin sakudziwa kuti ndikulemba. Ndikuthyola lonjezo, ndipo Mulungu andikhululukire, koma mukabwera ndi anthu pakhomo pano, zonse zimene tavutikira zipita m'madzi. Telegalamu sindingatumize, imadutsa m'manja mwa mkazi wa kupositi.

Amayi nzeru zikuwathawa. Zinayamba chaka chatha nthawi yothyola. Anaika mpeni wa mphesa mu uvuni, anaiwala dzina la Alwin pa tebulo. Iwo eni anazindikira msanga kuposa ife. Tsiku lina mutu uli bwino anatikhazika pansi, anatigwiritsa Baibulo. Anati, "Mukukumbukira a Balduin, mmene ana ankawatsatira m'msewu akuwafunsa dzina lawo kuti aseke? Ine ndamanga phiri ili moyo wanga wonse, anthu amabwera kudzaonera mfundo zanga. Asadzandione ndili chonchi. Musauze munthu. Irmtraud musamuuzenso, chifukwa chimene wamva Irmtraud wamva Ottilie, ndipo chimene wamva Ottilie wamva mudzi." Tinalumbira.

Nthawi yomanga itafika anakwera okha. Ankamanga, n'kumasula, n'kumanganso, mpaka nthambi kuthyoka. Ndinawatsitsa. Munda wa pansi pa mtanda umaonekera kumsewu, ndipo aliyense amadziwa dzanja lawo. Ukanakhala wosamanga, kapena womangidwa chamanja, mudzi ukanafunsa. N'chifukwa chake ndinaphunzira lamanzere. Kamchira kaja kanandikanika, munaona bwino. Koma amayi akasuzumira pazenera amati, "Chaka chino ndamanga bwino," ndipo tsiku limenelo amadya.

Mpiringidzo ulipodi. Amadzuka mbandakucha kufuna kuphiri, ndipo inu mukudziwa mmene pamatereramo. Chikhoti chofiira chinali choti akatipulumuka tiziwaona msanga. Atavala zakuda, pa miyala yakuda, m'nkhungu, munthu saoneka.

Lachinayi lija ndinaiwala kutseka ndine. Ndinawapeza pamwamba, dengu ladzaza, akuimba. Kwa iwo munda wa azakhali ndi wathu ukadali umodzi, monga mmene unalili asanaugawe. Nditamva mapazi a Kunibert ndinawalowetsa m'kanyumba ka makasu, ndinawapatsa kabuledi kamene kanali m'thumba, ndinati tikubisalirana, asatuluke. Ndinatenga dengu n'kutuluka. Alwin anakawatsitsa nkhungu isanachoke. Dzina langa pakhoma limandipweteka, sindinama. Kudutsa pamenepo ndimamva ngati ndavula. Koma ine ndidzalichotsa ndi zaka, pamene iwo nthawi yoyeretsa lawo alibe.

Chatsala chimodzi, chimene chikundivuta kulemba. Amandiitana Irmtraud. Poyamba ndinkawakonza, ndinkati ndine Roswitha, mkazi wa Alwin. Ankalira, ankafunsa kuti nanga mwana wanga ali kuti, mwamutaya kuti. Ndiye ndinasiya, ndimangovomera. Mwana amene analemba pa kapepala kaja ndinu. Munda akuti ndi wanu. Sanakutayeni, alamu, amakuitanani tsiku lonse.

Bwerani, tikukufunani. Koma chonde bwerani nokha, mulowere khomo la kuseri.

Ndine mlamu wanu,
Roswitha


Dornich
24 Novembala 1974

Okondedwa amuna anga Eckhard,

Ndinafika bwino, ndipo ndikhulupirira mukudya zenizeni, osati buledi ndi soseji zokha. Kumeneko kuyenera kuti kwafika kalata ya alamu anga, inasemphana nane panjira. Muisunge. Zili m'menemo ndazidziwa kale, koma ndazidziwa mochedwa, ndipo ndazidziwa pamaso pa anthu.

Nditatsika sitima ndinapita kwa azakhali monga ndinanenera. Pakhomo pathu ndinadutsa osagogoda. M'mawa mwake linali Lamulungu. Misa itatha ndinatenga azakhali, mkazi wa a Lambert, mkazi wa kusitolo ya zitsulo, ndi a Kunibert amene, kuti akhale mboni. Ena anangotsatira okha, mukudziwa mmene mudzi umachitira. Ndinkayenda patsogolo, chipewa changa cha ku Canada pamutu, ndikudziona ngati munthu wolungama kwambiri.

Anatsegula ndi a Roswitha. Ataona gululo nkhope inayera. Anati, "Alamu, kalata yanga munalandira?"

Ndinati, "Makalata anu ndatopa nawo. Patukani."

"Chonde, lowani nokha. Ndikugwadirani."

Ndipo anagwadadi, Eckhard, pa masitepe, anthu akuona. Ine ndinawalambalala. Achimwene anali kuchipinda chapansi kwa migolo, pamene ankakwera n'kuti ine nditakoka kale mpiringidzo.

Amayi anali pansi, pakati pa chipinda, atavala zakuda zawo, oyera bwino, tsitsi lopesa. Mwendo uliwonse wa mpando, wa tebulo, wa bedi, unali womangidwa ndi msondodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Mfundo zamanzere, timichira tonse tolowetsa kunsi. Anadzutsa mutu, anandiyang'ana, anayang'ana anthu amene anadzaza pakhomo. Ndinati, "Amayi, ndine. Ndabwera."

Iwo anakuwa, "Irmtraud! Irmtraud, bwera! M'munda mwalowa anthu!"

Ndinatambasula manja. Anandikankha. A Roswitha anapyola pakati pa anthu, ndipo amayi anawakakamira siketi ngati mwana.

"Ndabwera, amayi, ndabwera."

"Minda ndi yotseka, awa alowa bwanji? Uyu wa chipewayu umuyang'anitsitse, maso ake ndi a wakuba. Lachinayi lija tinabisala, lero tibisalenso?"

A Kunibert anavula chipewa. Azakhali, kwa nthawi yoyamba chibadwire changa, anasowa mawu, koma anawapeza asanafike kunyumba. Pofika madzulo mudzi wonse unali utadziwa, mpaka kutsidya.

Lolemba a Kunibert anakachotsa okha pepala lija pakhoma. Azimayi amene anakana kuthyola akubwera mmodzimmodzi ndi makeke, maso pansi. Azakhali anabweretsa yawo, mbale sanaitchule. Ine ndinkaganiza kuti a Roswitha apepukidwa mtima poti dzina lawo layera. Ndinawapeza kukhitchini akulira. Ndinati, "Alamu, ndikhululukireni." Anati, "Ine zanga n'zazing'ono. Koma amayi anatipempha chinthu chimodzi chokha." Dzulo ana awiri anaima pansi pa zenera la amayi akusuzumira, ndipo achimwene anawathamangitsa ndi tsache. Kwa ine achimwene sanalankhulebe, kupatula kundiuza pamene pali bulangeti.

Chinthu chimene anthu awiri anachisenza chaka chathunthu, mmodzi mpaka kutchedwa mbala, ine ndachigwetsa m'mawa umodzi. Ndili ndi manyazi oti sindingathe kuwalemba, ndipo chikhoti chija chikundiwawa kuposa zonse. Pitani kusitolo yaikulu ija mukagule chofiira kwambiri chimene mungapeze, mutumize pa ndege.

Sindibwera Khirisimasi isanafike, mwina mpaka nthawi yomanga itadutsa. Musakwiye. A Roswitha sanagone tulo teniteni chaka chonse, ndipo tsopano tikusinthana.

Amayi andizolowera pang'ono. Sakunditchanso wakuba, akuti ndine mayi waganyu amene wabwera kudzathandiza kusankha msondodzi. Lero masana tinakhala atatu pafupi ndi mbaula, tikusankha timitengo, tatikulu uku, tating'ono uku. Ndinatenga kamodzi n'kumanga pa mwendo wa mpando kuti aone kuti nanenso ndimatha. Anandimenya pa dzanja.

"Osati choncho, mayi. Taonani mmene amangira mwana wangayu."

A Roswitha anamanga ndi lamanzere, maso awo osandiyang'ana. Amayi anagwedeza mutu, anakonza kamchira, kenaka anatembenukira kwa ine mwaulemu, monga amachitira ndi alendo.

"Inu mayi, mwachokera kutali?"

Ndinati, "Kutali ndithu."

"Amayi anu alipo?"

"Alipo."

"Muziwayendera. Wangayu sanandisiyepo ngakhale tsiku limodzi."

Ndinati ndamva, ndipo ndinapitiriza kusankha msondodzi.

Ndine mkazi wanu,
Irmtraud